Chulu cha M'munda Wathu Wakale

Munda wathu wakale wa ku Nsefu tinaugulitsa chaka chimene miyendo ya bambo a ana anga inayamba kutupa. Njinga anali atasiya kupalasa, ndipo ana onse anali pamaukwati awo. Amene anaufuna anali asisita a pakiliniki, mayi wa ku Kopala, kumigodi kuja, amene anakhala nafe nthawi yaitali mpaka anaganiza zomanga nyumba kuno. Ndiwo anandithandiza pobereka mwana wanga womaliza, ndipo mpaka lero ndimawatchula m'pemphero.

Asisita sanali munthu wopupuluma. Anadikira dzinja kuti aone pamene madzi amalekezera, anayenda malire onse ndi eni minda yoyandikana, kwa amfumu anakafikanso. Tsiku lomaliza anakhala pakhonde pathu, ine ndikuwapatsa madzi akumwa.

"Nanga njovu, atate?" anafunsa bambo a ana anga.

"Zimadutsa kumunsi, kumtsinje. Ikadwala yokha ndiyo idzakufuneni."

"Achibale amene adzabwere mawa n'kumati munda ndi wa amalume awo?"

"Amalume anga onse anagona, ndipo sanasiye ngakhale mpini wa khasu."

"Za ogonazo ndiye ndimafuna kufunsa. M'mundamo mulibe manda?"

"Ngakhale a galu. Manda athu ali kutsidya kwa msewu. Chimene chilimo ndi chulu, asisita, ndipo chulu chimenecho ndi nyumba yanu yonse. Njerwa mudzaumba pomwepo, osalipira ngolo."

Bambo a ana anga sananame. Anayankha zimene ankadziwa.

Mimba yanga yoyamba, mwana anabadwa wosalira. Kuno mwana wotere sitimulira maliro, sapita kumanda a akulu, ndipo amuna sauzidwa kumene waikidwa. Apongozi anga aakazi ndi anzawo anamunyamula m'kansalu ine ndili chigonere. Anandilangiza kuti ndikamulira kapena kumutchula, mimba idzatsekeka. Ndinakhala chete, ndipo Mulungu anandikomera mtima, anandipatsa ana ena. Patapita nyengo, tikupalira thonje, apongozi anaima osandiyang'ana, nati, "Iwe, mbali iyi ya chulu usamagwetsepo khasu." Basi. Sanabwerezenso mpaka tsiku lawo.

Ndiye munda unagulidwa ine nditatseka pakamwa. Ndinkadziuza kuti zinapita kalekale, kuti mwanayo ali m'manja mwa Ambuye, m'dothi mulibe kanthu. Koma ndikatseka maso kuti ndipemphere, ndinkaona anyamata akuponda matope ndi mapazi, n'kumawathira m'chikombole. Ndinkaona uvuni ukuyaka. Ndinkaona khoma la nyumba ya asisita, ine ndikudutsa panjira, osadziwa njerwa yake ndi iti. Amen ankandikanika.

Loweruka lina bambo a ana anabwera ndi nkhani yoti oumba njerwa ayamba Lolemba. M'mawa mwake, titatuluka m'tchalitchi, ndinawauza kuti ndikukaona wodwala. Ndinapeza asisita akuchapa kuseri kwa nyumba ya boma imene ankakhalamo.

"Mwaswera bwanji, asisita?"

"Taswera, amai. Ndi miyendo ya atate?"

"Miyendo ili momwemo. Ndabwera ndi za chulu."

Ndinanena zonse nditayang'ana m'beseni. Mawu amenewo anali asanatulukepo m'kamwa mwanga, ndipo anatuluka okhotakhota. Asisita anasiya kuchapa, thovu likuuma m'manja.

"Amai, munali pomwepo ndi kapu m'manja pamene ndinkafunsa."

"Munkafunsa abambo."

Asisita anapuma mozama. "Zoona. Ndinafunsa aliyense wovala buluku m'mudzi uno." Anatsuka m'manja. "Mukudziwa kuti munda uja ndinaukondera chulucho?"

"Ndikudziwa. Mukafuna kuubweza, ndikawauza ine ndekha abambo."

"Tiyeni mukandionetse kaye. Mwina tingakumbe mbali ina."

Tinayenda dzuwa lili pamutu. Koma titafika, mtima wanga unagwa. Chulu chinali chitakula, chiswe chitamanga pamwamba pa zimene chinamanga kale, mpaka pamene apongozi anaima tsiku lija panali patakwiririka. Ndinazungulira, ndinazunguliranso. Ndinaloza apa, kenaka apo, kenaka ndinatsitsa dzanja.

"Sindikupadziwanso," ndinatero.

Asisita anayang'ana chulu chonsecho kuchokera pansi mpaka pamwamba. "Anali mwamuna kapena mkazi?"

"Sanandiuze."

Pamenepo ndiye ndinalira, ine mayi wa zidzukulu, kulira kumene ndinaletsedwa ndili mtsikana. Asisita sananditontholetse. Anangoima pafupi, atagwira nsonga ya chitenje changa, mpaka ndinamaliza ndekha.

Oumba njerwa aja asisita anawabweza. Njerwa za nyumba yawo zinabwera pa ngolo kuchokera kutali, ndipo nyumbayo inatuluka yaing'ono kuposa imene ankafuna. Sanandidandaulirepo ngakhale kamodzi. Mulungu awasunge amayi amene aja. Bambo a ana anga mpaka pano amaseka akakumbukira. "Anthu a ku Kopala, amake ana. Kugula njerwa chulu chili pakhomo." Ine ndimangoti, aliyense ndi nzeru zake.

Tsopano asisita anapuma ntchito, tsitsi layera, ndipo ana awo akuwakakamiza kuti abwerere kwawo. Mwezi wathawu anandiitanira pambali kuchigayo, nati, "Amai, ndikamadzagulitsa ndidzanena. Musaope." Ndinawathokoza ndi manja awiri. Ndikudziwa kuti adzanena. Koma wogulayo adzakhala mlendo, wosandidziwa, ndipo naye tsiku lina adzagulitsa kwa wina ine nditagona kutsidya kwa msewu. Ndikafika pamenepo m'maganizo ndimaleka, ndimagwada, n'kupempha kuti aliyense amene adzabwere ndi khasu pachulu chija, dzanja limulemere, ngakhale iye asadziwe chifukwa chake.