Kope la Fidelis

Bambo Rowland ankakhala ku Croydon, ku London, m'kachipinda ka pamwamba pa sitolo ya mafoni. Tonse a kutchalitchi tinkadziwa kuti ukawapatsa mpata pang'ono, ukathera ku Sweden. Nkhani yawo inali imodzimodzi, ya mfumu Karl wa nambala 12: kuti analowa ufumu ali ndi zaka khumi ndi zisanu popanda womuletsa, kuti anachoka ku Stockholm kupita kunkhondo osadzapondakonso, kuti anatha anyamata a dziko lake mpaka chipolopolo chinamupeza ku Norway. Ine zinkanditopetsa, sindinama. Munthu wa ku Ntcheu, woyendetsa basi zaka makumi atatu, mfumu ya azungu yofa kalekale inamudyera chiyani?

Ndinadziwa chaka chatha, atandipempha kuti ndiwaperekeze ku Edmonton poti miyendo inali itayamba kuwakana. M'sitima, titawoloka mtsinje, anamasuka.

Mu 1973 anali mphunzitsi wa mbiri yakale pasekondale ina kumudzi. Anakonza phunziro la mfumuyi, ndipo pomaliza analemba kuti dziko limene mtsogoleri wake safunsidwa limadzaza ndi akazi amasiye. Inali nthawi ya chipani chimodzi, mawu otere sankagona panja. Kope lawo linali litadzaza, choncho analemba m'kope lobwereka kwa mnzawo Fidelis, mphunzitsi wa masamu, lokhala ndi dzina la mwiniwake pachikuto. Mwana wina atamva mawuwo m'kalasi anakanena kwa bambo ake. Apolisi atabwera kudzafufuza anapeza kopelo, anawerenga dzina, basi. Fidelis anamutenga ndipo sanabwerenso. Sabata yomweyo a Rowland anawolokera ku Zambia osauza munthu.

Mkazi wa Fidelis, Mayi Dainess, anadzabwera ku London patapita zaka zambiri, kutsatira mwana wawo namwino. A Rowland anasanduka kapolo wawo wodzipereka yekha. Ankawanyamulira zikwama kumsika wa ku Peckham, kuwadzazira mafomu, kuwakonzera mpopi wodontha. Mayiwo ankawatchula kuti alamu, nkumauza aliyense kuti mnzake weniweni wa malemu ndi ameneyu. Zaka makumi awiri a Rowland ankangowabisira zoona zake.

"Lero ndikanena kwa Mayi Dainess, Joyce," anatero m'sitima muja. "Dokotala wandiuza kuti mtimawu sundifikitsa next summer. Akandilavulire, it's fine, bola amve."

Ndinakwiya nawo, ndipo ndinawauza. Nkhani yotere munthu nkuisunga mpaka imvi? Koma chisoni chinandigwira kuposa mkwiyo.

Mayi Dainess anali atatha chaka m'nyumba yosamaliramo okalamba ku Edmonton kuja. A Rowland anali asanapiteko, ati ankasonkhanitsa mphamvu. Mtsikana wogwira ntchito anatichenjeza pakhomo kuti mutu wa mayiwo sukugwiranso bwino. Tinawapeza pampando wa pawindo, atafunda juzi. A Rowland anagwada, mawondo akulira, nayamba bwinobwino ngati ali m'kalasi: chaka, sukulu, phunziro, kope. Ananena zonse. Ananena kuti dzanja linalemba mawu aja linali lawo, ndipo kuti akanangoimirira tsiku lija, Fidelis akanalera ana ake.

Mayiwo ankawayang'anitsitsa, akumwetulira pang'ono. Atamaliza, anatambasula dzanja nkuwasisita patsaya.

"Fidelis," anatero. "Mwaonda bwanji! Akutulutsani liti?"

"Mayi, ndine Rowland."

"Ana akula, simuwazindikira. Akutulutsani eti? Simubwereranso?"

A Rowland anandicheukira ngati ine ndingawauze choyankha. Ndinayang'ana pansi. Adakali chogwada, anagwira dzanja la mayiwo ndi manja awiri.

"Anditulutsa, Dainess. Sindibwereranso."

Mayiwo anapumira m'mwamba, nayamba kuitana mtsikana uja kuti atenthetse madzi osamba, bambo afika.