Khadi Lanu Ndinaliiwala Ndine

Achimwene, lero kumzikiti amasonkhetsa ndalama zomangira chipinda cha odwala misala pachipatala chathu, ine misozi mbwe! Ndakumbuka muja mutu wanu unasokonekera, anthu a ku Liwaladzi n'kusonkha usipa ndi mpunga, tigulitse ndikuperekezeni kuchipatala chakutali. Pasiteji ya basi anyamata a chipani aja anatiimitsa: "Makhadi a chipani!" Langa ndinali nalo, lanu ndinaliiwala kunyumba. Inu n'kuseka: "Aaa, ndi wamisala yemwe?" Ndinawagwadira, kuwachonderera, basi n'kunyamuka tikuiona.

Pobwerera munandigwira dzanja njira yonse ngati wodwala ndine, mukuti, "Usalire iwe, tipita mawa." Mawalo munalawirira kunyanja, osabwerakonso. Amayi ndinawauza kuti basi inadzaza, achimwene. Mpaka lero amadziwa choncho.