Mchere wa Yoramu

Yoramu Njobvu anagwira ntchito zaka khumi ndi zisanu poyatsa boila, chithanki chopanga nthunzi yowiritsira mkaka, pa famu ina ya mkaka kufupi ndi Palabana. Madzi a pa mjigo wa kumeneko ali ndi laimu wambiri, ndipo laimuyo akaundana m'mapaipi boila imaphulika. N'chifukwa chake madzi ankayamba adutsa m'thanki yodzaza timikanda tachikasu tonga mazira a nsomba, totchedwa rezini. Timikandato timagwira laimu, ndipo tikakhuta timafuna kutsukidwa ndi madzi a mchere. M'mawa uliwonse Yoramu ankakhutchumula madzi ndi dontho la sopo m'botolo. Thovu likakwera, ankadziwa kuti madziwo alibe laimu, ndipo ankayatsa moto.

M'chilala cha 1992 ng'ombe zinawonda, ndipo Lawson, manejala watsopano wochokera ku Lusaka, anatengera matumba onse a mchere kukhola kuti zizinyambita. Milungu itatu Yoramu anadandaula, osamveka. Tsiku lina thovu linakaniratu, paipi ikugogoda ngati munthu pakhomo.

Panja alimi obweretsa mkaka pa famupo anali atandanda ndi njinga zawo, zigubu za mkaka zikutenthedwa ndi dzuwa. Popanda nthunzi, mkaka wonsewo ukanasasa.

"Ba Yoramu, yatsani moto," anatero Lawson.

"Siniyatsa, bwana. Onani botolo."

"Botolo ya chani? Nifuna moto, osati thovu. Muchapa zovala apa?"

"Pamene mwaimapo ni pamene munthu angafere."

"Nipaseni makiyi. Nchito yasila."

Atachotsedwa ntchito choncho, Yoramu anapereka makiyi, koma sanapite kwawo. Anatenga ndowa, nalowa m'khola, nakokola mchere wa dovu ndi ndowe m'chomwera ng'ombe. Anausungunula, nausefa katatu ndi malaya ake, nauthira m'thanki. Lawson anaima pa boila ndi machesi m'manja, akuyang'ana paipi yogogodayo. Sanakhwatche.

"Mdala, fulumirani!" anakuwa mlimi wina, Bornwell, akununkhiza chigubu chake. "Wayamba kununkha uyu!"

"Mikanda siidziwa kufulumira," anayankha Yoramu.

Anadikira ola lathunthu, natsuka mcherewo, natunga madzi. Anakhutchumula botolo. Thovu linakwera mpaka pakamwa pa botololo, ndipo silinatsike.

Zigubu zinayi zinali zitasasa kale, ziwiri za Bornwell, amene sanam'patsenso Yoramu moni chaka chonsecho. Zotsalazo zinapulumuka. Lawson anaika makiyi ndi machesi pa benchi, ndipo Yoramu, ali chifuwa pamtunda, anawerama nayatsa moto pang'onopang'ono.