Mayi Okana Zodyera Kuseri

Mayi oyandikana nafe kuno ku Nsaru salola munthu kunong'ona pakhomo pawo. Amuna awo ali ndi khansa ya kummero, moti chakudya cholimba sichitsika. Mayiwa amawaphikira phala la nsinjiro lamadzimadzi, kulisefa, n'kudikira kuti lizizire. Wobwera akusuta fodya amamubwezera kumsewu. Mawu awo ndi amodzi: "Wodwala si maliro."

Tsiku lina alamu a mayiwa angapo anabwera kudzazonda matenda. Chakudya chitapsa, alendowo anatengana mwakachetechete kukadyera kuseri kwa chigafa cha fodya, ati kuopa kuwakhumbiza odwalawo. Bambowo anatsala okha pakhonde, atazolika.

Mayiwa anawalondola konko, kunyamula mbale zonse n'kudzaziika pamphasa, pafupi ndi amuna awo.

"Alamu, achimwene anuwa mwakhala mukudya nawo chibadwire. Mwayamba kale kuzolowera kudya popanda iwo, eti? Bwerani mukhale apa!"

Anadyera pamodzi, bambowo akumwa phala pang'onopang'ono, uku akutsutsana ndi abale awo za mpira. Masiku onse kapu yawo imabwerera ndi phala lotsala. Tsiku limenelo anapempha kuti awathirirenso.