Phewa la munthu wosandidziwa

Ntchito yanga pahotela ina ku The Pearl, kutali kudziko la eni, inali yoperekera tiyi ndi zakumwa m'chipinda choonera gofu pa TV. Gofu! Anthu akuluakulu kumayenda pa kapinga ngati akufunafuna makiyi otayika. Koma m'chipindamo munkadzaza, chifukwa cha katswiri mmodzi. Iyeyo akangooneka pa TV, alendo ankaiwala ndi tiyi yemwe.

Kenako katswiri uja anavulala phewa n'kuyamba wapuma. Mipikisano inkaonetsedwabe, koma oonera tinali ine ndi mipando.

Manijala anandiitana. "Mukakhalabe mopanda makasitomala muno, khalas, basi, titseka. Iwe upita kochapira."

Kochapirako kunali pansi pa nthaka, kotentha, kopanda zenera. Ndinkakuopa zedi.

Ndinaimbira foni mayi anga ku Mangochi. "Amayi, mundichitireko dua. Kuli wodwala phewa."

"Ndani, mwanangu? Ngwakwathu konkuno?"

"Ayi, simukumudziwa. Ngakhale ineyo sandidziwa."

Mayi sanalimbane nazo. Anauza azimayi anzawo a kumzikiti, ndipo sabata iliyonse ankandifunsa kuti wodwala wadzuka bwanji. Ena mpaka anafunsa chipatala chomwe wagonekedwa kuti akamuzonde.

Tsiku limene wodwala uja anabwerera ku gofu, tinachita kubwereka mipando m'chipinda cha mpira wamiyendo. Ndinkangoseka ndekha poperekera tiyi. Chakumapeto katswiri uja anawerama kuti amenye kampira kake, chipinda chonse chili zii, pakuti gofu amaonera mwakachetechete. Kampira kanagubuduka, kanazungulira pakamwa pa dzenje, n'kulowa.

Nthungululu inangotuluka yokha, thileyi ili m'manja.

Onse ananditembenukira. Mumtima ndinati basi, kochapira kuja ndapita ndekha. Koma bambo wina wa mkanjo woyera anaphulika nako kuseka, n'kuomba m'manja. "Bwerezaninso, bwerezaninso!" anatero. Ndinabwereza, ndipo azungu awiri anayesa kutsanzira. Zomwe zinatuluka kukhosi kwawo, mbuzi ikanachita manyazi.

Manijala anandiyandikira akudziletsa kuseka. "Yalla, fulumira, anthu akudikira tiyi. Zochapira iwalako."

Nditaweruka ndinaimbira mayi, ndikuvina m'basi. "Amayi, wachira! Ndamuona ndi maso angawa!"

"Alhamdulillah. Nanga osaimba foni n'kuthokoza bwanji? Anthu tavutika naye."

"Ndi wotanganidwa, amayi. Ndathokoza ndine."

"Chabwino. Koma iweyo, mwanangu, uli bwino?"

Ndinasiya kuvina n'kukhala pansi. Ndinawauza kuti inde, mawa ndikagwira ntchito pamalo pomwe pali zenera.