Sikafu Yopanda Mchira

Inu amene mwadzuka lero mtima uli pansi, khalani kaye ndikuuzeni za mayi wina wa ku Ngala, dzina lake Sharifa.

Mwamuna wake Hamza anali msodzi, ndipo nyanja inamutenga pa namondwe wa mu Febuluwale. Sharifa anakhala m'nyumba miyezi yonse ya eda, monga amachitira mkazi wamasiye wa Chisilamu. Masiku ankangofanana. Akaswali, ankakhala pamkeka n'kumamvera mafunde, ndipo nthawi zina ankaona ngati nyumba yonse yazuka, ikuyandama pamadzi, iye ndi mwana wake Ummy ali momwemo.

Koma sanagonepo ndi njala. M'mawa ankapeza usipa m'mbale pakhomo. Ndowa inkadzaza yokha. Iye ankasuzumira pampata wa chitseko n'kusunga nkhope mumtima: a Khalidi, amene ankakwera boti limodzi ndi malemu, ndiponso mayi Fainess a nyumba yoyandikana nayo, amene ankatula madzi akuimba nyimbo za kutchalitchi chapansipansi.

Eda itatha, mlongo wa Sharifa, dzina lake Useni, anabwera kuchokera ku Dwambazi.

"Chemwali, mbale za anthu zimatopa," anatero. "Kuzizira kukatha ndibwera kudzakutengani. Nyumbayi tigulitse, muzikalima kwathu."

Sharifa anayang'ana makoma. Njerwa za nyumbayo anaumba ndi Hamza, awiriwiri. Koma analibe choonetsa kuti angaime payekha.

Tsiku lina mayi Fainess anabwera ndi masipoko awiri a njinga ndi juzi yakutha ya pakaunjika.

"Manja akakhala chete, mutu umalongolola," anatero. "Gwirani apa."

Anamasula juziyo, ananyika ulusi m'madzi ofunda kuti uwongoke, n'kuuyanika pamtengo wa mango. Kenako anamuphunzitsa kuluka. Zala za Sharifa zinatupa, koma mzere uliwonse unkamuchotsera kamwala kamodzi pachifuwa.

Mwera utayamba kuwomba, Sharifa anakumbukira a Khalidi ali pamadzi khosi lili pamtunda. Anawalukira sikafu yaitali, ya mphonje kumapeto, yonga ya mzimayi wa pakalendala yakale ya m'nyumba mwake, woima pakati pa mitengo yoyera ya dziko lakutali. A Khalidi anailandira ndi manja awiri.

Sipanapite masiku, nkhani inamveka padoko. A Khalidi akukoka ukonde, mchira wa sikafu unakodwa m'maso a ukondewo, funde linapendeketsa boti, ndipo a Khalidi anagwera m'madzi chamutu. Anzawo anawavuula powakoka miyendo.

"A Khalidi, ndi nsomba yanji yovala sikafu?" asodzi anawaseka.

"Ameneyu ndi kampango wa ku Ulaya!"

Sharifa anazimva ali pamjigo. Iye sanaseke. Anabwerera kunyumba ndowa ili theka, n'kusomeka masipoko kudenga. Nyanja ikanatenga munthu wachiwiri, ndipo ulendo uno ndi manja ake. Mumtima anavomera kuti Useni ananena zoona.

Madzulo a tsikulo kunamveka odi. Anali a Khalidi, sikafu yonyowa ili m'manja.

"Mwadzabweza?" Sharifa anafunsa maso ali pansi.

"Kubweza? Mlamu, chiyambireni kupalasa, khosi langa silinafundepo chonchi. Cholakwa ndi mchirawu basi. Msodzi savala cholendewera. Iduleni, mulumikize nsonga zake, ndizingolowetsa mutu."

Sharifa anatsitsa masipoko aja. Anaifupikitsa, anaisoka kukhala yozungulira, yogwira khosi bwinobwino. Kenako analukira aliyense amene anasiyapo kanthu pakhomo pake: wa nkhuni, wa mchere, kamtsikana kamene kankaperekeza Ummy kusukulu. Sanatchule mtengo. Ankangoti, "Allah akusungeni," n'kubwerera.

Oyamba kudzagula anali oseka aja. Ankabwera mmodzimmodzi, akukanda m'mutu.

"Si yanga ayi, mayi. Ndi ya malume, akutsokomola."

Pambuyo pake panabwera anyamata a kabaza a ku Dwangwa, amene mphepo ya m'mawa imawaluma panjinga zamoto. Nawonso mchira ankauopa, chifukwa umalowa mu tayala.

Kutayamba kutentha, Useni anafika monga ananenera. Anapeza mtengo wa mango utavala ulusi wofiira, wachikasu, wobiriwira, ukugwedezeka ndi kamphepo ngati utawaleza umene watsikira pabwalo. Pakhonde panali amayi atatu, mitu ili pansi, akuluka, masipoko akulira chapansipansi.

Useni anatembenukira kwa mlongo wake.

"Zaoneka, chemwali. Koma kuzizira kwatha. Dzuwa likaswa mtengo mudya chiyani?"

Sharifa anatulutsa m'dengu kachipewa kakang'ono ngati chibakera, ndi timasokosi tiwiri.

"Ana sabadwa mu Juni mokha, achimwene."

Useni anaseka mpaka kupukuta misozi. Anamwa tiyi, anatsanzika, nabwerera ku Dwambazi yekha.

Mwina nanunso ntchito yanu yoyamba inagwetsera munthu m'madzi, ndipo anthu akusekabe. Musaitaye yonse. Funsani pamene palakwika, dulani pomwepo, yambaninso. Mulungu sasowa khomo lolowera. Limbani mtima, manja anuwo akadali ndi zambiri zoti achite.