Malata a pa Foni

Mayi atanena kuti akubwerera kwathu ku Itepela, tonse tinayesa nthabwala. Anzathu anabwerera nkhondo itangotha, koma iwo anakhalabe kutsidya, ku Malawi, mpaka bambo atamwalira. Apo mpamene anati sakufuna kufera kwa eni. Pabwinja pathu tinangopezapo mitengo ya mango ndi chulu. Tinaumba njerwa, tinawotcha, makoma n'kukwera. Chinatsala ndi denga, ndipo mitambo inali itayamba kale kusonkhana kumapiri.

Abale anga anasonkha ndalama za fodya n'kundipatsa ine kuti ndikagule malata. Palibe anatsutsa. Ine ndakulira pamsika wa Mandimba, kunenerera ndiye luso langa. Ndikachifuna chinthu sindichiyang'ana mwachikondi. Ndimachigwira ndi zala ziwiri, n'kufunsa ngati chinagwa pagalimoto, kenako ndimatembenuka n'kumachoka pang'onopang'ono, khutu lili kumbuyo. Ndisanafike poima a njinga, wogulitsa amakhala wandiitana kale.

M'maloja, masitolo a ku Mandimba, malata anali okwera mtengo moti ndinatulukamo osatsanzika. Ndiye tsiku lina pa foni, m'gulu lina la ogulitsa zinthu, ndinaona zithunzi. Malata onyezimira, osanjidwa mpaka kudenga, mwini wake ali ku Nampula, ndipo amatumiza pa sitima mpaka ku Cuamba. Mtengo wake unali wotsika kale. Munthu wabwinobwino akanangolipira n'kuthokoza Mulungu. Ine ayi.

Koma chithunzi ungachinyoze bwanji? Sungachigogode, sungachipinde ndi chala. Ndinayesabe.

“Patarau, malata anuwa akuoneka otuwatu,” ndinatero m'mawu otumiza, ndikumutchula bwana monga timatchulira kwathu.

“Ndi kamera imeneyo, bambo.”

“Kuno ndawapeza otchipa kuposa pamenepo.”

“Ndiye gulani konko, bambo, musavutike.”

Ndinatchula mtengo wanga, iye anaukana. Ndinaona kuti yakwana nthawi yotembenuka. Pa foni palibe msana woti wogulitsa auone, choncho ndinangokhala chete. Foni inkanditentha m'thumba, koma sindinalembe kanthu. Mapeto ake inalira. “Bambo, mtengo wanu uja ndavomera.” Ndinati achotseponso ya sitima. Anati palibe vuto.

Sanadandaule, sanalumbire pa ana ake, sananene kuti ndikumupha. Pamsika wogulitsa wotere ndikanamuthawa. Koma ine ndinali ndikuzungulira kale Mandimba yense, kuuza aliyense kuti ndagwetsa munthu wa ku Nampula ndili chikhalire pabenchi.

Ku Cuamba ndinakalandiridwa ndi alamu anga, amuna a mlongo wanga, amene amagwira ntchito ya njanji. Katundu anafika, wokwanira, palibe losowa. Alamu anasolola lata limodzi ndi dzanja limodzi, likuweyuka ngati tsamba la nthochi.

“Alamu,” anatero, “mwagula malata kapena zokulungira usipa?”

Ndinaseka nawo. Ndinadina ndi chala chachikulu, chala chomwe chija chimene ogulitsa a ku Mandimba amachiopa. Panatsala dzenje.

Ndinamuimbira mwini wake pomwepo, anthu akutsitsa matumba pambali panga.

“Patarau, mwandibera.”

“Ndakuberani chiyani, bambo? Alipo osowa?”

“Ndi opyapyala ngati pepala!”

“Inu munkafunsa za mtengo, ine ndinkayankha za mtengo. Za makulidwe simunafunsepo. Ndili nawo a mitundu yonse. Munkatsika nokha, ine ndikutsika nanu, mpaka tinafika pa amenewo.”

Anayankhula modekha, ngati akundiphunzitsa katekisimu. Anati ndikhoza kubweza, koma sitima ndilipire ndekha, ndiwonjezere ndalama, ndidikirenso. Ndalama zimene ndinapulumutsa zija zinali zitalowa kale ku misomali ndi mitengo ya denga. Ndipo tili pasiteshoni pomwepo kunagunda bingu cha kutali.

Ulendo wonse wa ku Itepela ndinakhala kumbuyo kwa lole, nditatsamira malatawo, akulira pa bampu iliyonse. Ndinkakonza mawu oti ndikanene. Palibe amene anandikhalira bwino.

Mmisiri wa denga anawayang'ana, anayang'ana kumene kumachokera mphepo, n'kupukusa mutu. Anati mphepo ya kuno ikangolowa pansi, msomali umatsala pamtengo, lata n'kupita kumunda kwa anthu. Njira inali imodzi yokha: kuwaphatikiza awiriawiri. Kutero ndiye kuti akwanira chipinda chimodzi basi, m'nyumba ya zipinda ziwiri.

Achimwene anga aakulu sanandikalipire, ndipo zikanakhala bwino akanatero. Anangofunsa kuti, “Ndiye desikontu ija, yotsitsa mtengo ija, ili mbali iti, tiione nafe?” Atatero anatenga zenga kukafuna udzu. Nthawi imeneyo tchire linali litapsa kale. Udzu umene tinaupeza unali waufupi, wotsala m'madambo, ndipo tinafolera chipinda chinacho tikudziwa kuti udzadontha.

Ndinawauza mayi kuti chipinda cha malata ndi chawo. Analowamo, anayang'ana kumwamba nthawi yaitali, n'kutuluka.

“Mulowetse chimanga umu,” anatero. “Ndi mbewu yomwe.”

“Mayi, malatawa tagulira inu.”

“Ine ndikanyowa ndimauma, mwananga. Chimanga chikanyowa tidya chiyani?”

Tinawachonderera, alamu anaimba foni kuchokera ku Cuamba, mlongo wanga analira. Sizinathandize. Mvula yoyamba inandipeza ndili komweko. Matumba anali gwa, ouma, pansi pa malata anga ophatikiza. Kuchipinda chinacho mayi ankakoka mphasa yawo kuchoka pakona ina kupita pa ina, chifuwa chikuwavuta, kufunafuna pamene sipakudontha. Ine ndinkawatsatira ndi beseni.